Phukusi la Mai Estere

Ntchito ya Luisa inali yoveka anthu, ndipo kuigwira kunali kosavuta kusiyana ndi kuifotokoza kwa anthu akwawo. Ku Blantyre zinkamveka bwinobwino. Woimba akafuna zithunzi za pachikuto cha chimbale, ankaitana Luisa kuti asankhe nsalu, ayeze thupi, akangane ndi telala, kenako pa tsiku lojambula aime kumbuyo, mapini ali kukamwa, n'kumakoka apa, kupana apo, mpaka munthu aoneke ngati anachita kubadwa atavala. Koma kwawo kwa Mlolo, ku Nsanje, munthu wamkulu wa manja ake awiri savekedwa ndi mnzake pokhapokha atadwala kapena atamwalira. N'chifukwa chake mai ake, Mai Estere, akafunsidwa kutchalitchi za ntchito ya mwana wawo, ankangoti, "Amagulitsa kaunjika," n'kuyamba nkhani ya mvula. Luisa anazimva zimenezi kwa abale, ndipo zinkamuwawa kuposa mmene ankaonetsera.

Chaka china mwayi unamugwera. Clotilda, woimba amene dziko lonse linkamutchula kuti Tilda, uja nyimbo zake zinkalira m'minibasi, m'maukwati ndi pachigayo pomwe, ankatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Kuchigwa. Agogo ake a Tilda anali a ku Nsanje, ngakhale mwini wakeyo chigwacho ankachidziwira pawindo la galimoto basi. Anaitana Luisa pamodzi ndi Fumbani, wojambula zithunzi wa ku Mzuzu, munthu wa mtima wabwino koma wokonda kuwala kwa dzuwa kuposa abale ake. Atakhala pansi kuti aganize za chikuto, amene anatulutsa nzeru anali Luisa yemweyo, ndipo tisamubisire. Anati Tilda aime m'bwato atavala diresi losokedwa ndi lona la buluu, lija amapereka kumisasa madzi akasefukira, m'mphepete mwake muli masaka a chimanga cha chithandizo, ndipo kumbuyo kwake kukhale amayi a m'mudzi, mabeseni pamutu, matope mpaka m'mawondo. Fumbani anaomba m'manja. Tilda anati, "Ndiye tikajambulire kwanu komweko, Luisa." Luisa, pofuna kuoneka wodziwa zinthu, anavomera osaganiza kawiri.

Diresilo linatuluka lokongola, palibe angatsutse. Koma nthawi yonse imene ankalisoketsa, mtima wa Luisa unali pa chithunzi china.

Chaka cha madzi aakulu aja, mtsinje wa Ruo utasiya njira yake n'kudzera m'makomo mwa anthu, Mai Estere anathawa atasenza phukusi pamutu, atavala malaya ong'ambika a malemu amuna awo, chitenje atachikwinyira m'mwamba kuti awoloke, ntchafu zili pamtunda. Kutsidya kunali munthu wa kamera, wa bungwe lina lothandiza anthu. Sanapereke moni, sanafunse dzina. Patapita miyezi chithunzicho chinabwera chitasindikizidwa pachipepala chachikulu, pansi pake atalemba m'Chingerezi kuti mayiyu wataya zonse, ndipo chinamatidwa pakhoma la golosale pamsika, pomwe aliyense wopita kuchigayo amadutsa. Tsono muyenera kuwadziwa Mai Estere. Awa anali mai amene sankapita ngakhale kumjigo ndi chitenje chosasita, amene akwatibwi ankabwera kudzawafunsa kamangidwe ka duku. Anyamata a kabaza, amene pakamwa pawo palibe chitseko, anawapatsa dzina loti Mai a Pakhoma. Chipepalacho chinadzasuluka ndi dzuwa n'kung'ambika, koma dzina linatsala. Kuyambira pamenepo Mai Estere anasiya kutchena, anasiya kukhala kutsogolo m'tchalitchi, ndipo akaona kamera, ngakhale ya pafoni ya mdzukulu, ankatembenuka n'kupereka nkhongo.

Luisa ankazidziwa zonsezi. Koma m'tauni munthu amaphunzira kugulitsa zimene ogula akufuna, ndipo za kuchigwa ogula amafuna madzi, njala ndi ng'ona. Anadzitonthoza kuti mai ake sadzakhala nawo pachithunzipo, ndiye palibe chimene chingawakhudze.

Anafika masana, nyengo imene dzuwa la kuchigwa limaphika dzira m'thumba. Mai Estere analandira alendo monga mwa khalidwe lawo: mphasa pansi pa mtengo wa nimu, madzi a mumtsuko, mpunga ndi nsomba zowamba za makakana. Tilda anadya mpaka kunyambita zala, Fumbani anasiya kamera m'galimoto chifukwa Luisa anali atamuchenjeza m'njira. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene Luisa analowa m'chipinda n'kupachika diresi lija pamtanda wa denga kuti makwinya athe. Atacheuka anapeza mai ake aima pakhomo.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Mai Estere.

"Ndi diresi la Tilda, Mai. La pachithunzi."

Mai Estere analigwira ndi zala ziwiri n'kulifikisa monga amachitira pogula nsalu. "Lona ili ndikulidziwa," anatero. "Ndinagonamo kumsasa, ine ndi mbuzi za eni ake. Masana limawotcha, m'mawa limadontha. Ndipo ndamva malume ako a Lorenso akulengeza kuti mawa mukufuna amayi a m'mudzi muno kudooko, ndi mabeseni."

"Inu simukhalapo, Mai."

"Nkhabe, ayi, ine sindikhalapo. Pakhala Mai Ireen amene anakusambitsa utabadwa. Pakhala anzanga a kukwaya." Analankhula motsitsa mawu kuti alendo asamve, ndipo kutsitsako kunali koopsa kuposa kukalipa. "Uja wa bungwe anali mlendo, sanadziwe kuti ndine yani. Iwe ukutidziwa tonse ndi maina. Ndinkati kaunjika chifukwa sindinkaimvetsa ntchito yako, mwananga. Lero ndaimvetsa. Ntchito yako ndi yovula anthu."

Anatuluka n'kukafunsa alendo ngati akufuna madzi osamba, nkhope ili bwinobwino. Luisa anatsala ataima pafupi ndi diresi lake, manyazi ndi mkwiyo zitasakanikirana m'chifuwa. Anazindikira kuti akajambula chithunzi chimenechi, m'nyumba muno azilandiridwabe ndi mpunga ndi nsomba, koma ngati mlendo. Komabe galimoto inali itabwera kale, woimba anali pabwalo, ndipo iye analibe mtima wokauza anthu kuti nzeru yake ija yawola.

M'mawa mwake kunacha bwino kwambiri moti Fumbani ankangoyenda uku ndi uku ngati nkhuku yofuna kuikira. Dzuwa linali lisanakwiye, madzi a padooko ali phee, namasupuni atachita maluwa m'mbali mwa bango. A Lorenso, mlongo wawo wa Mai Estere, anali atakokera bwato lawo pamalo amene Fumbani analoza. Luisa anamuveka Tilda lona lija kuseri kwa chitenje, n'kulipana kumsana ndi zopanira zovala kuti ligwire thupi, n'kumupaka phoda. Chapafupi pomwepo, pamjigo, amayi anali mbwee, atavala ndendende zimene Fumbani ankalota: zitenje zosuluka, mabulauzi a kumunda, mapazi oyera ndi fumbi.

"Amenewa, amenewa," anatero Fumbani monong'ona. "Asasinthe kanthu. Aitaneni, malume."

A Lorenso anakweza mawu m'Chisena kuti nthawi yojambula yakwana. Amayi aja anayang'anana, n'kusiya zidebe pamzere, n'kubalalika aliyense kulowera kwawo, ena akuthamanga kumene. Pamjigo panatsala galu.

"Akupita kuti?" anafunsa Fumbani.

"Kukasamba," anayankha a Lorenso, modabwa kuti munthu wamkulu angafunse zoterozo. "Si mwati mukuwajambula?"

Apa Luisa anagwira pakamwa, chifukwa chimenechi anachidziwa kuyambira ali mwana, n'kukachiiwala m'tauni. Kuchigwa kuno munthu sajambulitsa ndi thukuta la dzulo. Chithunzi chimakhalitsa kuposa mwini wake. N'chimene amachinyamula patsogolo pa bokosi tsiku la maliro, n'chimene zidzukulu zidzalozerane kuti agogo anali awa. Ukauza mai wa kuno kuti aime pakamera, wamuuza kuti akatenthetse nsimbi, akabwereke nsapato kwa mlamu wake, akamasule duku la pa Khirisimasi. Ndipo zimenezi sizichitika mothamanga.

Anadikira. Utsi wa makala a nsimbi unayamba kukwera m'makomo. Fumbani ankayang'ana kumwamba n'kumadandaula ngati dzuwalo likumubera katundu, pakuti kwa wojambula kuwala kwa m'mawa ndi kofewa, kwa masana kumakumba maenje akuda m'maso mwa anthu. Tilda poyamba ankaseka n'kumaimba pang'onopang'ono, koma dzuwa litakwera anasiya kuimba. Lona silipuma. Thukuta linayamba kutsika m'miyendo mwake n'kumadontha m'bwato, phoda uja n'kusanduka phala.

Dzuwa lili paliwombo, amayi aja anatulukira m'njira ya kudooko, ali pamzere, akuimba. Kunali zitenje zatsopano zonunkha sitolo, mayunifolomu a kutchalitchi oyera mbuu, maduku omangidwa mosiyanasiyana ngati mpikisano, ndolo, mikanda ya m'khosi, maambulera. Nsapato anazinyamula m'manja kuti zisade, n'kudzavalira pamchenga. Gogo wina anavala magalasi a malemu amuna ake amene sankaona nawo kanthu, n'kumatsogozedwa ndi mnzake. Patsogolo panali Mai Ireen, mai wathupi, wa mawu ofika kutsidya, atanyamula beseni latsopano lonyezimira, chifukwa anamva kuti pafunika mabeseni ndipo sakanabwera ndi lobooka.

Fumbani anakhala pansi pamchenga, n'kudzukanso. "Luisa," anatero, "auzeni bwinobwino m'chilankhulo chawo. Akongola, inde, koma akavale zija anavala m'mawa. Zakuda zija. Chithunzi chathu n'chimenecho."

Luisa anatembenukira kwa amayi aja n'kutsegula pakamwa. Onse ankamwetulira, kudikira kuti mwana wawo wa ku Blantyre awauze poima. Mawu amenewo ku ofesi ankamveka ngati ntchito. Atayesa kuwakonza mumtima kuti awanene kwa Mai Ireen, maso ndi maso, anapeza kuti ndi mwano weniweni. Chapatali, pansi pa mtengo wa mango, anaona mai ake ataima ndi chitenje cha kumunda, atapereka nkhongo kudooko koma khutu lili komweko.

"Sindiwauza," anatero Luisa.

"Ndiye tabwerera chiyani kuno?"

"Nzeru ija inali yanga, a Fumbani, ndipo inali yolakwika." Luisa anapitiriza, akuyang'ana Tilda. "Mukafuna kundichotsa ntchito ndichotseni. Koma amayi awa sindiwatuma kukavala zakuda kuti dziko liwamvere chisoni. Ndi akwathu."

Apa n'kuti Mai Ireen atafika kale pabwato, akumukupiza Tilda ndi chivindikiro cha beseni. "Mwana wa eni ake," anatero mokweza, "ndani wakufunditsa lona ngati mulu wa thonje? Kwanu kulibe nsalu? Ukanangonena, tikanakusonkhera."

Amayi onse anavomereza mwachisoni kuti n'zoona, mwanayu ndi womvetsa chifundo. Tilda anadziyang'ana, anayang'ana maduku aja ndi ndolo zija, ndipo anayamba kuseka mpaka misozi inamaliza phoda amene thukuta linasiya.

"Luisa, pa anthu onsewa wosauka ndine ndekha," anatero. "Ndivule chinthuchi ndisanapse. Koma undipezere chovala china, chifukwa ku Blantyre sindibwerera chimanjamanja. Ukalephera, ndiye tikambirana za ntchito yakoyo."

M'masutikesi a Luisa munalibe china koma zoyenderana ndi lona. Zitenje za amayi aja zinali zabwino, koma zinali za m'sitolo, zopezeka paliponse, ndipo chikuto cha chimbale chimafuna nsalu imene munthu sanaionepo. Luisa ankadziwa kumene kunali nsalu yotero. Atayang'ana pansi pa mango paja anapeza mai ake achokapo, ndipo anawatsatira kunyumba.

Anawapeza m'chipinda atakhala pabedi. Luisa anagwada pakhomo, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

"Mai, ndalakwa."

"Ndamva zimene wanena kudooko," anatero Mai Estere osamuyang'ana. "Wanena mochedwa, koma wanena."

"Ndikupempha phukusi lija."

Phukusilo linali lomwe lija la pachithunzi. Linkakhala m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi, ndipo chichokereni madzi aja linkamasulidwa pokhapokha poliyanika kuti lisachite nkhungu, chitseko chili chotseka. Mai Estere anawerama n'kupisa dzanja kunsi kwa bedi. Kenako anakoka bokosilo, n'kuika phukusi pabedi, n'kumasula mfundo ndi mano. Munatuluka fungo la mankhwala a njenjete ndi nguwo, nsalu zakale za ku Mozambique, zolemera m'manja, zofiira ngati njerwa yopsa bwino, zina zakuda za madontho achikasu, zina za mizere imene masitolo a masiku ano sakuidziwa.

"Izi zinali za mai anga," anatero. "Ndinazisenza pamutu ndili mtsikana pothawa nkhondo ku Morrumbala. Ndinazisenzanso pothawa madzi. Mbuzi zinapita, mapira anapita, izi sizinanyowe ngakhale kansonga. Uja analemba kuti ndataya zonse. Sanafunse kuti pamutupo pali chiyani." Anasankha yofiira ija n'kumupatsa. "Tenga, ukamuveke woimba wakoyo. Asaikhalire pamatope."

Luisa anailandira ndi manja awiri koma sanadzuke. Chimene anatsala nacho kunena chinali chachikulu kuposa nsalu.

"Mai, ndiloleni ndikuvekeni inunso."

"Ine? Ndadwala? Manja ndili nawo."

"Ndi ntchito yanga, Mai. Mwainena dzulo musanaione. Muione kaye, ndipo mukapanda kuikonda, muzinenabe kaunjika mpaka kalekale, sindidzadandaula. Kudooko simupita ngati simufuna."

Mai Estere anamuyang'ana koyamba tsiku limenelo. Anadzuka n'kukhala pampando wa pafupi ndi windo, msana uli chilili. "Makala ali pambaula," anatero. "Nsimbi usaitenthetse kwambiri, nguwo izi ndi zakale kuposa iwe."

Luisa anasita nguwo yakuda ya madontho achikasu ndi inzake ya mizere, atayala kansalu konyowa pamwamba, monga mai akewo anamuphunzitsira ali wamng'ono. Anawapukuta kumaso, n'kuwadzoza mafuta pang'ono m'masaya ndi m'mikono. Sanazikulunge nguwozo mwa masiku onse. Imodzi anaipinda timizere ting'onoting'ono m'chiuno kuti igwe molemera mpaka kumapazi, ina anaidutsitsa paphewa n'kuisiya kuti ilendewere kumbuyo, n'kumabisa mapini m'kati mosaoneka. Manja ake atafika pamapewa a mai ake anadabwa kuti achepa chotere.

"Wapana kwambiri," anadandaula Mai Estere.

"Pumirani m'kati pang'ono. Kwezani chibwano."

"Ukundilamula ine?"

"Pantchito ndimalamula aliyense, Mai, ngakhale Tilda."

Pa duku anakangana. Luisa ankafuna mfundo kumbali, mai ake anati mfundo ya kumbali ndi ya atsikana osaka banja. Anagwirizana kuti ikhale pamwamba, nsonga ziwiri zitaima, kamangidwe kamene akwatibwi ankadzaphunzira kale pakhomo pomwepo. Luisa anatenga kalilole wamkulu wa m'sutikesi mwake n'kumuimika patsogolo pawo. Mai Estere anayang'ana, anatembenuka kumanzere, anatembenuka kumanja, anakonza ndolo imodzi imene inali bwinobwino kale. Sananene kuti zakongola. Anangoti, "Nsapato zanga zili kuseri kwa chitseko," ndipo Luisa anadziwa kuti akupita kudooko.

Atatulukira, nyimbo ya amayi ija inaduka pakati. Mai Ireen anaika beseni pansi n'kugwira m'chiuno. "Estere wabwera," anatero, ngati munthuyo anali paulendo, ndipo nthungululu inayambira kumbuyo mpaka kutsogolo.

Luisa anamuveka Tilda nguwo yofiira ija kuseri kwa chitenje, mapewa ali pamtunda, m'khosi muli mikanda imene gogo wa magalasi uja anavula yekha n'kupereka. Fumbani naye, atasiya kulira dzuwa la m'mawa, anakumbukira kuti ndi mmisiri. Anapempha neti yoyera ya udzudzu, a Lorenso ndi asodzi anzawo n'kuitambasula pamwamba ndi mapondo a mabwato, ndipo kuwala kunatsika kofewa, maenje a m'maso aja n'kutha. Amayi anaima m'mabwato ndi m'mphepete mwa madzi, maambulera atatsegulidwa. Luisa anafuna kuika Tilda patsogolo, koma Tilda anakana kuimirira pamene mwini nsalu waima. Anakhala pansi m'bwato, pamkeka, chakumapazi kwa Mai Estere.

Fumbani anakweza kamera. Luisa anaona khosi la mai ake likuuma, phewa likuyamba kutembenuka monga mwa chizolowezi, ndipo anagwira mkono wa Fumbani n'kumunong'oneza. Fumbani anatsitsa kamera, anavula chipewa, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo kufika pafupi ndi bwato.

"Amayi, dzina langa ndine Fumbani. Ndingakujambuleni?"

"Ine ndine Estere," anayankha. "Dikirani." Anakonza nguwo ya paphewa, anaponda bwino, anakweza chibwano monga anauzidwa. "Ndipo mukajambula ndione. Chimene sindichifuna mufufute ndikuona."

"Chabwino, Amayi."

"Jambulani tsopano."

Anajambula mpaka asodzi ogwira neti anayamba kudandaula mikono. Luisa ankalowa m'madzi n'kutuluka, kukonza mpindiro apa, kupukuta thukuta apo, kukalipira Mai Ireen kuti asabise nkhope ya mnzake ndi beseni, ndipo nthawi yonseyi ankamva maso a mai ake akumutsatira. Pomaliza Fumbani anabweretsa kamera n'kuwaonetsa Mai Estere zithunzi pakagalasi ka kumbuyo, ataphimba ndi chipewa kuti zioneke. Anakanadi zingapo: china anati atsinzina, china anati akuoneka ngati akudana ndi munthu. Fumbani anafufuta akuona. Atafika pa china, Mai Estere anagwira kamerayo ndi manja awo. Pachithunzipo anali ataima chilili pakati pa bwato, nsonga za duku zitaloza kumwamba, anzawo atawazungulira, woimba wotchuka atakhala kumapazi kwawo akuwayang'ana.

"Pyadidi, zili bwino," anatero pang'onopang'ono. "Ameneyu ndiye ine."

Luisa anatembenukira kubango ngati akufuna pini yotayika, n'kulira bwinobwino, mosangalala.

Chimbale chinatuluka mvula itayamba, ndipo chikuto chake chinayenda m'mafoni kuposa nyimbo zimene. Ena m'tauni ankafunsa kuti nsalu zoterozo amagula kuti, ena ankatsutsa kuti kumeneko sikungakhale ku Nsanje chifukwa anthu ake akuoneka okhuta. Tilda anaumirira kuti pansi pa chithunzi alembe maina a amayi onse, kuyambira ndi Estere, ndipo analembadi. Lona lija linatsala kwa a Lorenso, amene analiphwasula n'kumafunditsira nsomba zouma.

Luisa atabwera pa Khirisimasi anatenga chithunzi chachikulu chokulunga, poganiza kuti chikakhala pabalaza. Mai Estere anachitambasula pamphasa, anachiyang'ana, n'kuchikulunganso. Anaphika kaphala ka ufa wa chinangwa m'kachitini, anasita chitenje, anamanga duku, n'kunena kuti, "Tiye kumsika."

Pakhoma la golosale paja panali patatsala timapepala ta m'makona, tosuluka, pomwe chipepala chakale chinali. Mai Estere anapempha chilolezo kwa mwini golosale, n'kupala timapepalato ndi chikhadabo. Anapaka phala pakhoma ndi dzanja lawo, Luisa atagwira m'mwamba, ndipo anasalaza chithunzi chatsopanocho kuyambira pakati mpaka m'mbali kuti pasakhale makwinya. Anyamata a kabaza anasiya njinga n'kudzaunjikana.

"Mai a Pakhoma abwereranso pakhoma," anatero mmodzi, mwamanthamantha, osadziwa ngati alandira khofi.

"Eya, ndabwerera," anayankha Mai Estere. "Uziyang'ana bwino podutsa."

Mayi wina wochokera kuchigayo anatula thumba lake pansi n'kuyandikira, n'kumaloza mapindidwe a nguwo ija ndi chala choyera ufa. "Koma Mai Estere, anakumangani chonchi ndani? Ku Blantyre?"

"Konkuno. Mwana wanga uyu," anatero Mai Estere, akupukuta phala m'manja, mokweza kuti a kabaza amve. Anamukoka Luisa pamkono n'kumuimika kutsogolo. "Ntchito yake ndi yoveka anthu."